Jini Wopanda Majini

Amalume anga anasiya mowa mu Ogasiti 2023, ndipo kuchokera nthawi imeneyo anasiyanso kukhalitsa pagulu. Pamaliro ankafika, kupepesa anamfedwa, kukhala pang'ono pansi pa mtengo, n'kunyamuka nsima isanabwere. Paukwati ankaponya ndalama yawo m'lichero kenaka osaonekanso. Anthu a kwathu ku Makulawe, kumpoto kwa chilumba cha Likoma, ankati munthuyo akuchita manyazi ndi mbiri yake. Inenso ndinkaganiza chimodzimodzi, ndipo sindikadavutika nazo pakadapanda kuti achemwali anga anapeza mwamuna.

Chinkhoswe anachiika mu Okutobala 2024. Amayi ali ndi mlongo mmodzi yekha, choncho unkhoswe unagwera amalume omwewo, ndipo aliyense akudziwa kuti nkhoswe sazemba. Ayenera kulandira tambala, kupereka thadzi, kuyankha mafunso a akuchimuna ndi kukhala nawo mpaka alendowo atatopa okha. Akuchimunawo ankachokera ku Nkhata Bay, ndipo anali atatumiza kale uthenga woti adzabwera ndi makireti awo pa Ilala. Amayi atamva uthengawu anakhala chete tsiku lonse.

Ine ndinafika kuchokera ku Zomba kutatsala sabata imodzi. Madzulo a tsiku lotsatira ndinawapeza amalume pamchenga akusoka chilimira cha eni ake, ndipo nditazungulirazungulira ndi nkhani za sukulu ndinawafunsa ngati adzatha kukhala ndi alendo mpaka usiku.

"Anthu amati ndi manyazi," anatero osadzutsa mutu. "Si manyazi, mphwanga. Ndi dzanja. Ukakhala pakati pa amuna anzako dzanja lili lopanda kanthu, aliyense amafuna kulidzaza."

"Nanga bwanji osagwira Fanta, amalume?"

"Yoyamba ndimamwa bwinobwino. Yachiwiri imandikola. Pofika yachitatu ndimapezeka ndikuyang'ana botolo la mnzanga."

Ndiyambe ndafotokoza kuti amalumewa ndi ndani. Kwa zaka 11 anagwira ntchito pa bala ya malo ena ogona alendo a pachilumba pathu. Sukulu analekezera sitandade 8, koma ankadziwa kusakaniza zakumwa zimene ine, wa chaka chachitatu pa yunivesite, ndimayamba ndaganiza ndisanalembe maina ake: mojito wa ku Cuba, daiquiri, Bloody Mary. Chimene alendo ankaitanitsa kwambiri dzuwa likamalowa chinali Malawi Gin wosakaniza ndi toniki, chimene iwo amangochidula kuti MGT. Ndili mwana amalume ankandibweretsera zitsekerero za mabotolo a tonikiyo, ndipo timu yanga ya mpira wa zitsekerero inali yoposa ya mwana aliyense pamudzi. Kumwa anayamba ndi kulawa, monga amachitira wophika ndiwo. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020 alendo anasiya kubwera, ntchito inatha, koma ludzu silinathe nayo. Jini ndi wodula, pomwe kachasu amapezeka ngakhale pangongole. Patatha zaka zitatu maso awo anasanduka achikasu, mimba inatupa, ndipo adokotala a pachipatala cha St Peter's anawauza mosapsatira mawu kuti chiwindi chatopa.

Iwo eni akamanena za zaka zimenezo amati, "Ndinali ndi majini." Amanena moseka, koma kwa wophunzira za ziyankhulo nthabwala imeneyi ndi chuma. Jini wa m'botolo anatenga dzina lake ku mawu a Chidatchi oti jenever, kutanthauza mtengo wa juniper umene tizipatso take timapatsa chakumwachi fungo. Jini winayu, amene amagwira munthu n'kumuyankhulitsa ndi mawu achilendo, ndi wa Chiarabu, ndipo anatipeza kudzera m'Chiswahili ndi Chiyao. Mawu awiri osadziwana anakumana m'kamwa mwathu, ndipo ukawachulukitsa sungawasiyanitsenso. Ndinalemba zimenezi m'kope langa usiku womwewo uku ndikudziona wanzeru, kuiwala kuti amalume anazizindikira kale popanda kope.

Ganizo langa linali losavuta: ngati vuto ndi dzanja, tilidzaze ndi chinthu chooneka ngati mowa koma chosaledzeretsa. Ndivomere pano kuti ku Zomba ndinali nditaphunzirako zina zimene sizili pa ndondomeko ya maphunziro, makamaka Lachisanu madzulo, motero ndinkadziyesa katswiri pang'ono. Ndinawauza amalume za chakumwa chotchedwa Malawi shandy, chimene chimadziwika mpaka ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Amasakaniza lemonade ndi ginger ale n'kudonthezamo Angostura bitters, ndipo anthu osamwa mowa amachikonda.

Amalume anaseka mpaka kusiya ukonde. "Kabotolo ka Angostura unayamba wakawerengapo iwe?"

Ndinali ndisanakawerengepo. Pa magawo 100 alionse a madzi a m'kabotolo kameneko, 44.7 ndi ukali weniweni wa mowa, kuposa jini wambiri amene amagulitsidwa m'masitolo.

"Madontho ake ndi ochepa, inde," anatero. "Koma ine ndinayamba ndi madontho."

Kenaka ananena chimene chinandipatsa ntchito ya sabata yonse. Anati chimene amachisowa kwambiri akakhala pagulu si kuledzera. Amasowa chinthu chowawa, choti munthu amwe pang'onopang'ono, kuika pansi, kuyankhula, n'kunyamulanso. Chotsekemera umachigugudiza ngati mwana, ndipo chikatha dzanja latsalanso lokha.

Mneni uyu, kuwawa, ndi wolemera kuposa mmene timamuganizira. Timati nimu amawawa, tsabola amawawa, mutu ukuwawa, mtima ukuwawa, ndipo mowa wabwino anthu akumudzi amauyamikira kuti ndi wowawa. Mngelezi ali ndi mawu osiyana pa zambiri mwa zimenezi; ife tinaziika m'thumba limodzi, ngati kuti lilime, khosi ndi mtima zimamva ndi khutu limodzi. Tikafuna kunena za zakumwa zina timati zoziziritsa kukhosi, ndipo zonsezo ndi zotsekemera. Pakati pa chotsekemera chosaledzeretsa ndi chowawa choledzeretsa, chiyankhulo chathu chinasiya malo opanda dzina, ndipo m'golosale namonso pamalo amenewo palibe botolo. Amalume ankafuna kukhala pamalo amenewo.

Mwayi wake, theka la MGT ndi lowawa kale ndipo mulibe mowa. Kuwawa kwa toniki kumachokera ku kwinini, mankhwala a malungo otengedwa ku khungwa la mtengo wa cinchona wa kumapiri a Andes ku South America. Akatswiri awiri a ku France, Pelletier ndi Caventou, ndiwo anamulekanitsa ndi khungwalo mu 1820. David Livingstone ankayenda naye kwininiyu pamene anafika panyanja yathu mu 1859, ndipo amishoni a UMCA amene anakhazikika pa Likoma mu 1885 ankamudaliranso, ngakhale kuti malungo anatengabe ambiri a iwo. Angelezi a ku India, polephera kumeza kuwawa kwake, ankamusungunula m'madzi a soda ndi shuga, kenaka n'kuthiramo jini. Kunena kwina, chakumwa chimene alendo amachinyamula monyadira dzuwa likamalowa chinayamba ngati njira yomwera mankhwala. Toniki wa masiku ano ali ndi kwinini wochepa kwambiri woti sangachize malungo, ndipo agogo anga aakazi, amene amakumbukira mmene kwinini weniweni ankalizira m'makutu, atalawa anati amenewa ndi madzi onamizira. Komabe kuwawa kulimo. Chotsala chinali kupeza cholowa m'malo mwa jini.

Amayi sanasangalale nazo ngakhale pang'ono. Iwo ndi a Mothers' Union ku St Peter's, ndipo ndi amene ankapita kukawatola amalume m'njira anthu akabwera kudzanena kuti mlongo wanu wagona pamsewu. Ndi amenenso anawasambitsa kuchipatala.

"Iwe unali kusukulu, sunaone," anandiuza akupeta mpunga. "Fungo lomwelo, tambula yomweyo, ayisi yemweyo. Ukuganiza kuti thupi lidzadziwa kuti ukulinamiza? Chakomachakoma pusi anagwa chagada."

Ndinawayankha ndi mfundo zambiri zimene tsopano sindikuzikumbukira. Chimene ndikukumbukira ndi choti mumtima ndinkadziwa kuti mantha awo sanali opanda pake. Pali anthu osiya mowa amene chakumwa chofanana ndi mowa chimawathandiza kukhala pagulu, ndipo pali ena amene chimawadzutsira ludzu lakale. Palibe chizindikiro pamphumi chosonyeza kuti uyu ali mbali iti. Tambula imene amayi ankanena inali yaitali, yagalasi lopyapyala, imene amalume anabwera nayo pochoka kuntchito. Amayi anaibisa pansi pa sutikesi yawo tsiku limene amalume anatuluka m'chipatala.

M'magolosale a ku Mbamba ndinapeza mabotolo anayi okha a toniki, afumbi. Ena 12 pamodzi ndi mandimu ndinatuma mnzanga wa ku Nkhata Bay kuti akweze pa Ilala yomweyo imene inkabweretsa alendo. Izi zinatanthauza kuti ndinali ndi mwayi woyesa kanayi basi.

Kuyesa koyamba sikufuna mawu ambiri. Ndinawiritsa madzi a mandimu, shuga ndi udzu wa mandimu umene amayi amathira mu tiyi, kuiwala kuti mu toniki muli kale shuga wambiri. Amalume analawa n'kunena kuti ndikapatse ana a Sande sukulu.

Tsiku lachiwiri ndinachotsa shuga n'kuganiza zoika Likoma yense m'kapu. Pachilumba pathu mitengo ya malambe ili paliponse, ndiye ndinapala ufa wa malambe n'kuuthira momwemo, ndi kuwonjezera madzi a masamba a nimu kuti kuwawa kukwane. Nditangothira toniki, thovu linakwera ngati mkaka wowira n'kusefukira patebulo, theka la botolo n'kupita. Ndinamvetsa pambuyo pake kuti kanjere kalikonse ka ufa kamapatsa mpweya wa mu soda poyambira thovu, motero ufa wambiri umatulutsa mpweya wonse nthawi imodzi. Chotsala m'kapumo chinali ngati phala lozizira, ndipo agogo atanunkhiza anafunsa kuti akudwala ndani.

Madzulo a tsiku lachitatu ndinali m'khitchini ndi mabotolo awiri otsala, ndikusenda ndimu ngati mbatata, pamene amalume anaima pakhomo. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka analowa, chinthu chimene sachita m'khitchini mwa mlongo wawo, n'kundilanda mpeni.

"Ukuononga. Fungo lili pakhungu pokha. Choyera cha mkatichi chimawawa kuwawa kopusa."

Ndinali ndisanamvepo kuti pali kuwawa kopusa ndi kuwawa kwanzeru, koma ndinakhala chete n'kumaonerera. Manja amene ankanjenjemera ponyamula kapu ya tiyi chaka chapitacho anasenda ndimu yense ndi mzere umodzi wosaduka, wopyapyala woti n'kuonera kuwala kwa nyali. Akugwira ntchito anandiuza kuti jini amachita zinthu zitatu: amanunkhira, amawotcha pakhosi, ndipo amaledzeretsa. "Ziwiri zoyambazo tingathe kuba. Chachitatucho tiwasiyire eni ake."

Fungo lenileni la jini, la juniper, sitikadalipeza. Mtundu wina wa mtengowu umamera kumapiri ozizira a Nyika, koma pa miyala yotentha ya pa Likoma ndi malambe ndi mango basi. Amalume anati tisalimbane ndi chimene palibe. Mphuno ya munthu ikamva ndimu ndi toniki pamodzi imadzimalizira yokha nkhaniyo. Anawiritsa makapu awiri a madzi pambaula n'kuphula poto. Madzi atasiya kubwadamuka anaponyamo makoko a mandimu anayi, masamba asanu a udzu wa mandimu opindapinda, jinja wamkulu ngati chala chamanthu wosinja mu kamtondo, ndi supuni yaing'ono ya masamba a tiyi, n'kuvundikira. Anati makoko ukawawiritsa pamoto fungo limathawa ndi nthunzi, n'kutsala kuwawa kopusa kuja. Tiyi ntchito yake inali youmitsa m'kamwa pang'ono, kuti munthu akameza afune kudikira asanamwenso. Moto wa pakhosi unachokera kwa jinja ndi kambuzi mmodzi yekha, amene anamung'amba pakati, kumuviika m'potomo uku akuwerenga mpaka 60, n'kumuvuula. Malambe anga sanawataye. Anawanyika padera m'madzi ozizira, kuwasefa kawiri pa kansalu koyera mpaka madziwo atatsala pang'ono kuonekera, n'kuthira masupuni atatu okha m'potomo itazizira. Pomaliza anatsina mchere pang'ono. Shuga sanamukhudze.

Titasefa zonse tinapeza madzi a mtundu wa udzu wouma, osakwana botolo limodzi. Pawokha anali oipa ndithu: owawasa, oluma, osamweka. Amalume anati ndi mmene ayenera kukhalira, pakuti jini naye pawekha si mnzako. Muyeso wake unali gawo limodzi la madziwa pa magawo atatu a toniki, ndipo toniki amathiridwa pomaliza, motsetsereka m'mbali mwa kapu yopendeketsa kuti mpweya usathawe. Osatakasa ndi supuni ngati tiyi. Kenaka anapotokola kakhoko ka ndimu pamwamba pa kapu, kukapaka m'mphepete, n'kukaponyamo.

Anandipatsa ine poyamba. Tinalibe ayisi, kapu inali yapulasitiki, koma nditameza ndinamva kuwawa kwa toniki, kenaka ndimu, kenaka kamoto kakutsika pang'onopang'ono kukhosi. Ndinatsala pang'ono kunena kuti chikufanana kwambiri ndi chenicheni, koma ndinakumbukira msanga kuti sindiyenera kudziwa kakomedwe ka chenichenicho. Amalume anandiyang'ana nkhope n'kumwetulira. Ndikukhulupirira kuti anadziwa.

Iwo analawa kamodzi, kusunga m'kamwa, n'kumeza. Sananene kuti chakoma. Anangoti, "Pa tsikulo pakhale ayisi."

Agogo, amene ankamvetsera zonsezi ali pamkeka panja, anafunsa kuti, "Ndiye mwavutika masiku onsewa kuphika thobwa la azungu?" Funso limeneli landikhala m'mutu kuposa zambiri zimene ndamva m'kalasi. Angelezi chakumwa chotere amachitcha mocktail, kuchokera ku mawu awo otanthauza kunamizira kapena kunyoza, ngati kuti chenicheni ndi cha mowa ndipo chinachi ndi chithunzi chake chabe. Kwathu nkhaniyi imayenda chobwerera. Thobwa ndilo limayamba. Mowa ndi thobwa limene lapitirira ulendo. Palibe amene amati thobwa ndi masese onamizira. Tsono makolo athu anali nacho kale chakumwa cha paphwando cha munthu wosaledzera, ndipo anachipatsa dzina lakelake. Ndinawafunsa amalume chifukwa chimene sangangomwa thobwa lomwelo, poti amayi anali atanyika kale chimera cha migolo iwiri. Anati thobwa limakhutitsa msanga, ndi lotsekemera, ndiponso m'nyengo yotentha ngati Okutobala silichedwa kusasa. "Thobwa la dzana ndi mowa wovala duku," anatero, agogo n'kuwagenda ndi chitsononkho.

Dzina la chakumwa chathucho linativuta. Ife a pa Likoma kutcha zinthu zachilendo maina si kwachilendo: makolo athu ataona buku analitcha chikalakala, ndipo Baibulo limene Archdeacon William Percival Johnson anamasulira m'Chinyanja cha kwathu linatuluka mu 1912 ndi dzina loti Chikalakala Choyera. Ine ndinapereka maina angapo ophunzira amene palibe anawalandira. Amalume anangoti ndi jini wopanda majini, ndipo pakhomo ponse linakhala lomwelo.

Ayisi anali ndi nkhani yakeyake. Mayi wina wogulitsa mafirizi kufupi ndi msika wa Mbamba anavomera kundiumitsira madzi owiritsa m'timapepala take. Bokosi losungira zozizira ndinabwereka kwa wogula nsomba, ndipo ngakhale ndinalitsuka katatu ndi zotsala za mandimu, fungo la usipa linakana kuchoka. M'mawa wa tsiku la chinkhoswe ndinalikumbatira pa njinga yamoto ya kabaza kuchokera ku Mbamba mpaka ku Makulawe, dzuwa likuswa mtengo, ndikumva madzi akukhuvuka mkati pa bampu iliyonse. Ndinafika ndi theka.

Mwambo unayenda bwino. Atsikana atatu anabwera atafunda zitenje, alamu anga anasankha molakwa dala kawiri anthu n'kuseka, tambala ndi thadzi anasinthana manja, ndipo amalume anayankhula mwachidule ndi momveka, moti amayi ena kumbuyo kwanga ananong'onezana kuti munthu uja wabwereradi. Ine mtima unali pa zimene zidzachitike pambuyo pa nsima. Amuna atasamukira pansi pa mtengo wa mango makireti anatsegulidwa, ndipo nkhoswe ya akuchimuna, bambo wachikulire wansangala woyankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitonga, anatulutsa m'chikwama botolo la jini n'kuliimika pafupi ndi mwendo wa mpando wake.

Ndinathamangira kukhitchini. Ndikufunafuna kapu yapulasitiki ija, amayi analowa, kutsegula mpango umene unali m'manja mwawo, n'kuika tambula yaitali ija patebulo. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Uitsuke kaye," n'kutuluka.

Ndinachita monga anandiphunzitsira: ayisi woswa ndi mpeni, gawo limodzi, magawo atatu, kakhoko ka ndimu. Nditaipereka ndi manja awiri, tambulayo inali itachita thukuta kunja, ndipo mlendo amene ankawatambasulira botolo la mowa anabweza dzanja poona kuti ayamba kale. Kwa ola lathunthu zonse zinayenda monga ndinafunira. Amalume ankamwa pang'ono, kuika pansi, kukamba za mitengo ya utaka ndi za mafunde a mwera, n'kunyamulanso. Palibe amene anawavutitsa.

Kenaka nkhoswe inzawo ija inapempha kulawa. Inamwa, kutafuna milomo, n'kufunsa kuti jini ameneyu ndi wa kuti.

"Wa pa Likoma pompano," anatero amalume.

"Ngwokoma, koma ngwofatsa kwambiri. Bweretsani kuno, ankhoswe anzanga, ndimudzutse pang'ono."

Botolo linali litatsegulidwa kale ndipo linkapendekera pa tambula. Fungo lake linandifika ine amene ndinaima mapazi angapo kumbuyo, ndiye kaya amalume linawafika bwanji. Ndinazindikira pamenepo kuti chinyengo changa chagwira ntchito mopitirira: munthu wosamwa sathiridwa jini, koma munthu amene akuoneka kuti akumwa kale jini amathiridwa mwaulemu ndi mwachikondi. Ndinafuna kuyankhula, koma mwana sayankhula pakati pa ankhoswe.

Amalume anaphimba tambula ndi chikhatho.

"Pepani, ankhoswe anzanga. Muno mulibe mowa. Ine ndinasiya. Adokotala anandiletsa, ndipo ine ndinavomera."

Panakhala bata la kanthawi kochepa, koma kwa ine linatalika. Pamudzi ponse anthu ankadziwa nkhani ya amalume, koma sindikukhulupirira kuti analipo amene anawamvapo akuinena okha pagulu. Bambo uja anayang'ana tambula, kuyang'ana amalume, kenaka anatseka botolo lake n'kuliika mbali ina ya mpando, kutali ndi iwo. Anati mng'ono wake anamwalira ndi zomwezo ku Johannesburg, ndipo anapempha kuti ngati chilipo china chofatsacho amupangireko. Ndinapanga matambula 9 usiku umenewo, asanu a alendo m'makapu apulasitiki, anayi a amalume. Otsirizawo analibe ayisi. Amalume anakhala mpaka alendo ataperekezedwa kogona, cha m'ma 10 koloko.

Ndinagona ndikudziona ngwazi, ndipo ndinali nditayamba kale kukonza m'mutu mmene ndidzafotokozere anzanga ku Zomba.

M'mamawa ndinawapeza atakhala pa chitsa kuseri kwa khitchini, maso ali ofiira, botolo la madzi athu otsala lili m'manja. Mtima unagunda, ndipo ndinayandikira kwambiri kuposa mmene mwana wa mlongo amayandikirira malume wake, kuti ndinunkhize. Anaona chimene ndinkachita ndipo sanakwiye.

"Sindinamwe," anatero. "Koma sindinagone. Pakamwa panakhulupirira, mphwanga. Ndiye thupi linadikira usiku wonse chimene pakamwa panalonjeza."

Anandiuza kuti cha m'ma 2 koloko anadzuka n'kuvala nsapato. Amadziwa khomo limene ungagogode nthawi ina iliyonse n'kutsegulidwa. Anafika mpaka pa mlambe wa panjira, kukhala pamizu yake, n'kubwerera atambala akulira.

Sindinapeze choyankha. Ndinafunsa funso lopusa, loti kodi tinalakwitsa.

"Chinkhoswe chatha, si choncho? Mlongo wako wakwatiwa mwaulemu." Anatsegula botolo lija n'kukhuthulira madziwo patsinde pa mtengo wa mango, pang'onopang'ono, mpaka dontho lomaliza. "Chinakoma kwambiri. Usadzandipangirenso."

Amayi anali atatuluka ndi tsache ndipo anamva zonse. Ndinkayembekeza kuti anena kuti ndinakuuza, koma sananene. Amalume analowa m'khitchini, kutenga tambula ija pa thandala, kuipukuta mkati ndi kunja ndi m'mphepete mwa malaya awo monga ankachitira pa bala, kuiyang'ana padzuwa ngati yatsala ndi banga, n'kuipereka kwa amayi.

"Mlongo, kabiseninso."

Kenaka anandikumbutsa kuti bokosi la eni ake libwerere wogula nsombayo asanapite kunyanja, ndi kuti mabotolo a toniki ndisawataye chifukwa ali ndi dipoziti. Anadzaza chigubu chawo ndi madzi a mumtsuko n'kutsetserekera kumchenga, kumene chilimira chija chinali chisanathe kusokedwa.